Mafunso ndi mayankho okhudza kujambula m'thupi kuchipatala

Dokotala akamvetsera dandaulo la wodwala, kumugwira pamene pakupweteka ndi kumumvetsera pachifuwa, nthawi zina amafunabe kuona zomwe zili mkati, ndipo amalemba pepala loti munthuyo akajambulidwe. Mayankho otsatirawa akufotokoza njira zikuluzikulu zojambulira, zimene njira iliyonse imatha kuona, ndiponso zimene siingathe kuona.

N'chifukwa chiyani pali makina osiyanasiyana m'malo mwa makina amodzi oona zonse?

Makina oona zonse kulibe. Ekisireyi ndi CT zimagwiritsa ntchito cheza chimene chimadutsa m'thupi, sikani imene amayi amaidziwa kusikelo imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso, pamene MRI imadalira maginito ndi mafunde a wailesi. Popeza fupa, mnofu, madzi ndi mpweya zimachita mosiyana zikakumana ndi mphamvu iliyonse mwa izi, chinthu chimene chimaoneka bwino pa makina ena chikhoza kubisika kotheratu pa makina enanso. Miyala ya m'ndulu ndi chitsanzo chabwino: yambiri siioneka pa ekisireyi wamba, koma imaoneka mosavuta pa sikani. Choncho dokotala sasankha makina potengera kudula kwake kapena kutchuka kwake, koma potengera funso limene akufuna kuyankha, monga lakuti kodi fupa lathyoka, kodi m'mimba mwasonkhana magazi, kapena kodi mtsempha wa pamsana wapanikizika.

Kodi ekisireyi imajambula bwanji mkati popanda kung'amba?

Njirayi ndiyo yakale kwambiri. Wilhelm Conrad Röntgen, katswiri wa sayansi mumzinda wa Würzburg ku Germany, anatulukira cheza chimenechi pa 8 November 1895, ndipo patangopita milungu yochepa anajambula dzanja la mkazi wake, momwe mafupa ndi mphete zinaoneka bwinobwino. Analandira mphoto ya Nobel mu 1901.

Chimene chimatuluka pa chithunzi kwenikweni ndi mthunzi. Makina amatulutsa cheza mbali imodzi ya thupi, ndipo mbali inayo kumakhala filimu kapena chipangizo cholandirira chimene chimatumiza chithunzi pa kompyuta. Fupa limatsekereza cheza chambiri ndipo limaoneka loyera, mpweya wa m'mapapo sutsekereza pafupifupi chilichonse ndipo umaoneka wakuda, pamene mnofu ndi madzi zimaoneka zotuwa. N'chifukwa chake ekisireyi ndi yothandiza kwambiri pa mafupa othyoka, pa mfundo zoguluka, pa mano, pa chibayo, pa mtima wotupa, pa matumbo otsekeka ndi pa mwana amene wameza ndalama yachitsulo. Popeza mthunzi sumasonyeza kuti chili kutsogolo ndi chiti ndipo chili kumbuyo ndi chiti, wojambula nthawi zambiri amajambula kawiri, kutsogolo ndi cham'mbali, ndipo wodwala asaganize kuti chithunzi choyamba chalakwika akauzidwa kuti atembenuke.

Kodi ekisireyi ya pachifuwa imatsimikiza kuti munthu ali ndi chifuwa chachikulu cha TB?

Ayi, payokha siitsimikiza. Chithunzi chimaonetsa mawanga, mabowo m'mapapo, madzi m'mbali mwa mapapo kapena mwanabele wotupa m'chifuwa, ndipo zonsezi zimachititsa dokotala kukayikira TB. Vuto ndi lakuti chibayo, khansa ya m'mapapo, khansa ya pakhungu ya Kaposi imene yafika m'mapapo komanso zipsera za TB imene inachira kalekale zimatha kuoneka mofanana. Palinso anthu ena, makamaka amene chitetezo chawo chatsika kwambiri chifukwa cha HIV, omwe amakhala ndi TB chithunzi chawo chikuoneka ngati chabwinobwino. Umboni weniweni umachokera m'makhololo akayezedwa, kawirikawiri ndi makina a GeneXpert, omwe amanenanso ngati tizilomboto tikukana mankhwala a TB otchedwa rifampicin.

Ntchito yaikulu ya ekisireyi pa nkhani ya TB ndi kusankha anthu oyenera kupereka makhololo, chifukwa imatha kugwira matendawa mwa munthu amene sanayambe n'komwe kutsokomola. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapologalamu a pakompyuta aziwerenga zithunzi za pachifuwa za anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo pofufuza TB, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri m'mayiko omwe madokotala owerenga zithunzi ndi owerengeka. Komabe ngakhale kompyuta itanena kuti chithunzi n'chokayikitsa, makhololo ayenera kuyezedwabe.

Nanga sikani imene amajambulira amayi oyembekezera imasiyana bwanji ndi ekisireyi?

Sikani imeneyi, imene m'mapepala a chipatala imalembedwa kuti ultrasound, ilibe cheza ngakhale pang'ono. Kachipangizo kamene amakayendetsa pakhungu kamatulutsa phokoso lonjenjemera ka mamiliyoni 2 mpaka 18 pa sekondi, pamene khutu la munthu silimva phokoso lopitirira ka 20,000 pa sekondi. Phokosolo likagunda chiwalo limabwerera, ndipo makina amawerengera nthawi imene latenga kuti adziwe kuya kwa chiwalocho ndi maonekedwe ake. Mafuta ozizira amene amapaka pamimba si mankhwala. Ntchito yake ndi kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizo, chifukwa mpweya umabweza phokoso lisanalowe. Amene anayambitsa kugwiritsa ntchito njirayi pa amayi ndi Ian Donald wa ku Glasgow ku Scotland, yemwe anafalitsa zotsatira zake mu 1958.

Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO limalimbikitsa kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane milungu 24. Anthu ambiri amathamangira sikani pofuna kudziwa ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi, koma kunena zoona limeneli ndi phindu laling'ono kwambiri pa zonse, ndipo wojambula amatha kuphonya ngati mwana wagona mobisa. Zofunika kwambiri ndi kudziwa msinkhu weniweni wa mimba, umene umayezeka molondola m'miyezi itatu yoyambirira kusiyana ndi kumapeto, kudziwa ngati ali mapasa, kuona ngati mimba yakhala m'chiberekero kapena kunja kwake, ndiponso kuona ngati nsengwa yatseka njira yotulukira mwana. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero ndi nsengwa yotseka khomo zimapha amayi chifukwa cha kutaya magazi, ndipo zonse ziwiri zikadziwika msanga azamba amakonzekera opaleshoni nthawi ikadalipo.

Sikani si ya amayi okha. Imaona chiwindi, ndulu, impso, kapamba, chithokomiro, machende, prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo) yotupa, chikhodzodzo chimene chawonongeka ndi likodzo, komanso mavavu a mtima wa mwana amene anadwala matenda a mtima obwera chifukwa cha zilonda za pakhosi. Munthu akachita ngozi ya pamsewu, mphindi zochepa zimakwana kuona ngati magazi akutayikira m'mimba. Kufooka kwake n'kwakuti siiona kuseri kwa fupa kapena kuseri kwa mpweya, ndipo ubwino wa zotsatira umadalira kwambiri luso la munthu amene wagwira kachipangizoko.

N'chifukwa chiyani ena amauzidwa kumwa madzi ambiri, ena kusadya?

Chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo kumbali ndi kulola phokoso kufika pachiberekero kapena pa prostate, choncho wojambulidwa m'chinena amamwa madzi ndi kusunga mkodzo. Wojambulidwa ndulu amasala chakudya kwa maola 6 kapena 8, chifukwa munthu akadya ndulu imafinyika ndipo miyala siioneka bwino.

Kodi CT ndi chiyani, ndipo imafunika pa matenda ati?

CT ndi ekisireyi yomwe, koma yojambula mozungulira. Wodwala amagona pa bedi limene limalowa pang'onopang'ono m'chibowo chozungulira, chotulutsa cheza chimazungulira thupi, ndipo kompyuta imasonkhanitsa miyeso yonse n'kupanga zithunzi zambirimbiri zoonetsa thupi m'magawo opyapyala, monga mmene amaduliradulira therere lobala, ngakhale kuti palibe chimene chadulidwa. Mwa njira imeneyi ziwalo sizibisana monga zimachitira pa ekisireyi wamba. Wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London ndi makina amene anapanga Godfrey Hounsfield. Masamu ofunika pa njirayi anali atawapeza kale Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene maganizowo anamubwerera akugwira ntchito pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1979.

Mphamvu ya CT ili pa liwiro, chifukwa kujambula kwenikweniko kumatenga masekondi. Munthu wovulala m'mutu pa ngozi ya njinga yamoto akhoza kukhala ndi magazi amene akupanikiza ubongo, ndipo CT imawaonetsa pamodzi ndi malo ake, zomwe zimauza dokotala wa opaleshoni pamene angaboole chigaza. Pa sitiroko, CT imasiyanitsa mitundu iwiri imene kunja imaoneka chimodzimodzi: wa mtsempha wophulika ndi wa mtsempha wotsekeka. Kusiyana kumeneku n'kwa moyo ndi imfa, chifukwa aspirin ndi mankhwala ena osungunula magazi amathandiza pa mtsempha wotsekeka koma amawonjezera kutayika kwa magazi pa mtsempha wophulika. CT imagwiritsidwanso ntchito poona miyala ya mu impso, magazi oundana m'mitsempha ya m'mapapo, ndiponso poyeza pamene khansa yafika asanasankhe chithandizo.

Kodi MRI ndiyo yoposa zonse?

Imaposa pa zinthu zina zokha. MRI imatengera mwayi pa madzi amene ali ochuluka m'thupi. Maginito amphamvu amafoletsa tizigawo ta hydrogen ta m'madziwo, mafunde a wailesi amatisokoneza kwa kanthawi, ndipo pamene tikubwerera m'malo mwake timatulutsa uthenga umene makina amausandutsa chithunzi. Popeza mnofu uliwonse umabwerera pa liwiro lakelake, MRI imasiyanitsa bwino kwambiri zinthu zofewa monga ubongo, mtsempha waukulu wa mumsana, mitsempha yogwira bondo ndi zotupa za m'chiuno. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Nottingham ku Britain analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa cha ntchito imene inabala njirayi. Ilibe cheza, koma imachedwa, nthawi zambiri mphindi 20 mpaka 45, imachita phokoso lalikulu lofuna zotseka m'makutu, ndipo wodwala ayenera kugona osagwedezeka m'malo opanikiza, moti ana aang'ono kawirikawiri amayenera kugonetsedwa ndi mankhwala. Pa fupa lothyoka, pa mapapo ndi pa munthu amene akutaya magazi mwadzidzidzi, ekisireyi ndi CT n'zoyenera kuposa MRI.

Nkhani imene imasonyeza bwino phindu la MRI inachitikira ku Blantyre. Mu 2008 pa chipatala cha Queen Elizabeth panaikidwa makina a MRI mogwirizana ndi kafukufuku wa malungo amene ankatsogoleredwa ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Kwa zaka zambiri madokotala ankaona ana odwala malungo a mu ubongo akusiya kupuma ngakhale atalandira mankhwala oyenera, osadziwa bwinobwino chimene chikuwapha. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinakhudza ana 168 amene anajambulidwa, ndipo mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa amene anachira kutupa koteroko kunapezeka mwa 27 pa 100 alionse. Ubongo ukatupa mkati mwa chigaza chimene sichingafutukuke, umapanikiza gawo loyendetsa kupuma. Chochititsa chidwi n'chakuti makinawo anali a mphamvu ya 0.35 tesla yokha (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), pamene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito a 1.5 kapena 3 tesla, koma anayankha funso limene linasautsa akatswiri kwa nthawi yaitali.

N'chifukwa chiyani amafunsa kwambiri za zitsulo munthu asanalowe mu MRI?

Maginito a makinawa amakhala oyaka usana ndi usiku, ngakhale pamene sakujambula, ndipo a 1.5 tesla amaposa mphamvu ya maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 30,000. Makiyi, ndalama zachitsulo, mapini a m'tsitsi, njinga ya wodwala kapena silinda ya mpweya zimatha kukokedwa mwaliwiro n'kuvulaza munthu, ndipo foni ndi khadi la kubanki zimawonongeka. Zoopsa kwambiri ndi zimene zili mkati mwa thupi: kachipangizo kothandiza mtima kugunda, tizitsulo totsekera mitsempha ya mu ubongo, zipolopolo zotsalira, ndi tizidutswa ta chitsulo m'maso, timene timapezeka mwa owotcherera ndi opala zitsulo ngakhale iwo eni ataiwala kuti kena kake kanawagwera m'diso. Zitsulo zambiri zamakono zolumikizira mafupa siziletsa kujambula, koma woweruza ndi wojambula osati wodwala, choncho nenani chilichonse chimene munaikidwa m'thupi, kuphatikizapo lupu yolerera.

Kodi cheza cha ekisireyi ndi CT chimayambitsa khansa kapena kusabereka?

Cheza chimayezedwa ndi muyeso wotchedwa millisievert. Munthu aliyense, ngakhale amene sanapondepo kuchipatala, amalandira pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya, m'zakudya ndi kumwamba. Ekisireyi ya pachifuwa imapereka 0.1 kapena kucheperapo, zomwe zikufanana ndi cheza chachilengedwe cha milungu iwiri. CT ya m'mutu imapereka pafupifupi 2, ndipo CT ya m'mimba pafupifupi 8 mpaka 10, kutanthauza cheza chachilengedwe cha zaka zitatu kapena zinayi. Miyeso imeneyi ili kutali kwambiri ndi imene ingachititse munthu kusabereka, ndipo cheza sichitsalira m'thupi makina akazimitsidwa, moti wojambulidwa akhoza kunyamula mwana nthawi yomweyo.

Pa nkhani ya khansa, chiopsezo cha ekisireyi imodzi n'chochepa zedi, pamene cha CT n'chokulirapo koma chikadali chaching'ono poyerekeza ndi kuopsa kophonya magazi m'mutu kapena chotupa. Chiopsezocho chimawonjezeka ndi kuchuluka kwa maulendo ndipo n'chachikulu mwa ana kusiyana ndi okalamba, n'chifukwa chake dokotala wabwino salembera mwana CT ngati sikani ingayankhe funso lomwelo. Wojambula amabisala kuseri kwa khoma kapena kuvala chovala cha mtovu chifukwa iye amajambula anthu ambiri tsiku lililonse kwa zaka zambiri, osati chifukwa chakuti chithunzi chimodzi n'choopsa kwa inu.

Bwanji ngati ndili woyembekezera kapena ndikuyamwitsa?

Uzani wojambula musanagone pa bedi, ngakhale mutangokhala kuti mwadumphitsa mwezi ndipo simunatsimikize. Sikani ndiyo yoyamba kusankhidwa, ndipo MRI yopanda mankhwala obaya imalolekanso ngati pali chifukwa chokwanira. Ekisireyi ya pachifuwa, ya dzino kapena ya mwendo imafikitsa cheza chochepa kwambiri kwa mwana, choncho mayi woyembekezera amene akuganiziridwa TB asakane kujambulidwa, popeza TB yosachizidwa ndi yoopsa kwa iye ndi mwanayo kuposa chithunzicho. CT ya m'mimba ndi m'chiuno ndiyo imafuna kulingalira mozama. Kuyamwitsa sikusokonezedwa ndi ekisireyi, CT, sikani kapena MRI.

Kodi mankhwala amene amabaya kapena kumwetsa asanajambule ndi a chiyani?

Si ochiza, koma owalitsa ziwalo zimene zikanaoneka zotuwa mofanana. Pa CT amabaya mumtsempha mankhwala okhala ndi ayodini, ndipo ambiri amamva kutentha thupi lonse, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ngakhalenso kumva ngati adzikodzera pamene sanatero. Zonsezi zimatha mu mphindi imodzi kapena ziwiri. Pa MRI amagwiritsa ntchito gadolinium. Munthu amene akuvutika kumeza amamwetsedwa madzi oyera okhuthala a barium kuti aone ngati kummero kwachepa, ndipo kuyeza kumeneku n'kofunika ku Malawi, komwe khansa ya kummero ndi yochuluka poyerekeza ndi mayiko ambiri padziko lapansi, ngakhale kuti kutsimikiza khansayo kumafuna kulowetsa kamera ndi kutapa kachidutswa ka mnofu. Mankhwala obayawa amatuluka kudzera mu impso, choncho odwala impso, odwala shuga amene amamwa metformin, a mphumu ndi amene anatupapo kapena kubanika atabayidwa kale ayenera kunena zimenezi pasadakhale.

Nanga mawere amajambulidwa ndi makina ati?

Mammogram ndi ekisireyi ya cheza chochepa imene imapana bere pakati pa mbale ziwiri kwa masekondi angapo. Kupanako kumapweteka pang'ono, koma kumayala mnofu kuti chotupa chaching'ono chisabisale. Mwa amayi achitsikana bere limakhala lolimba ndipo mammogram siiona bwino, choncho sikani ndiyo imayamba. Njira zonse ziwiri zimangonena kuti chotupa n'chokayikitsa kapena ayi, ndipo dzina lakuti khansa limaperekedwa kachidutswa kakayezedwa ku labotale.

Kodi PET ndi sikani ya mafupa ndi za chiyani?

Sikani ya mafupa si yofanana ndi sikani ya phokoso ija. Pa njira ziwiri izi cheza chimachokera mkati, chifukwa wodwala amabayidwa mankhwala ochepa otulutsa cheza amene amakasonkhana pamalo pamene thupi likugwira ntchito mopitirira muyeso. Pa PET amagwiritsa ntchito shuga womangiriridwa ku chinthu chotulutsa cheza chotchedwa fluorine-18, popeza maselo a khansa amadya shuga wambiri. Mphamvu ya mankhwalawa imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, ndipo ya technetium-99m, imene amajambulira mafupa, imatsika ndi theka pa maola 6. Kutha msanga kumeneku kumateteza wodwala, koma kumachititsanso kuti njirazi zizipezeka m'zipatala zochepa zimene zili kufupi ndi kopangira mankhwalawo.

N'chifukwa chiyani wojambula sandiuza zimene waona?

Ntchito ya wojambula ndi kutulutsa chithunzi chabwino mosamala, pamene kuwerenga chithunzicho ndi kulemba lipoti ndi ntchito ya dokotala wa zithunzi kapena wa dokotala amene anakutumizani. Chithunzi chimamveka bwino chikawerengedwa pamodzi ndi mbiri ya matenda, zotsatira za magazi ndi zithunzi zakale, ndipo wojambula sakhala nazo zonsezi. Kukhala chete kwake sikutanthauza kuti waona zoipa.

Andijambula n'kunena kuti sanapeze kanthu, koma ndikudwalabe. Kodi makina analakwitsa?

Kawirikawiri makina sanalakwitse, koma matendawo ndi a mtundu umene suoneka pa chithunzi. Malungo, shuga, HIV, kuchepa kwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi zimadziwika ndi kuyeza kwina, ndipo mutu waching'alang'ala, khunyu la anthu ambiri ndi kupweteka kwa msana kobwera chifukwa cha minofu sizisiya chizindikiro chooneka. Zilonda za m'mimba siziwoneka pa sikani. Zimafuna kamera yolowera kukamwa. Palinso nkhani ya nthawi, chifukwa sitiroko ya mtsempha wotsekeka ikhoza kusaoneka pa CT m'maola oyambirira, ndipo mng'alu wa kafupa ka pamkono ukhoza kubisika mpaka patapita masiku 10 kapena 14, n'chifukwa chake dokotala amatha kumanga chikhakha chithunzi chili choyera n'kukuuzani kuti mudzabwerenso.

Kodi ndi bwino kujambulitsa thupi lonse ndili bwinobwino, kuti ndingodziwa?

Madokotala ambiri salimbikitsa zimenezi kwa munthu wopanda chizindikiro chilichonse. Makina amakono amaona tinthu tambiri timene sitikanavutitsa munthu moyo wake wonse, monga timatumba ta madzi mu impso, timibulu m'chithokomiro ndi tizipsera m'mapapo, ndipo tikangooneka timabweretsa nkhawa, kujambulanso, kuwononga ndalama, mwinanso opaleshoni yosafunika. Anthu ambiri a zaka zopitirira 40 amene msana suwapweteka amapezeka ndi zosintha m'mafupa a msana akajambulidwa ndi MRI. Kujambula anthu osadwala kumakhala ndi phindu pa magulu osankhidwa, monga amayi a msinkhu woyenera mammogram, anthu okhala ndi wodwala TB ndi amene anasuta fodya kwa zaka zambiri.

Ndibwere ndi chiyani tsiku lojambulidwa?

Bwerani ndi pepala lochokera kwa dokotala, buku lanu la kuchipatala, mankhwala amene mukumwa, ndiponso zithunzi ndi malipoti akale, kaya zili pa filimu, pa CD kapena pa foni, chifukwa kuyerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale kumasonyeza ngati chotupa chikukula ndipo nthawi zina kumachotsa kufunika kojambulanso. Valani zovala zosavuta kuvula, ndipo siyani kunyumba ndolo, mikanda ndi mphete. Ngati mwauzidwa kuti mudzapatsidwa mankhwala ogonetsa, bwerani ndi gadiyani woti adzakuperekezeni pobwerera, ndipo musanachoke funsani tsiku ndi chipinda chimene mudzatengere zotsatira.